Tsekani bukulo kaye, mujambule mtima

Uthengawo udafika 11 koloko usiku itadutsa, wa mawu, mphindi zinayi zathunthu. Mwana wa mlongo wanga salankhula motalika chonchi pokhapokha zinthu zitavuta. Adayamba maphunziro a unamwino miyezi iwiri yapitayo pa koleji ina, ndipo zotsatira za mayeso oyamba a anatomy and physiology zidali zitangotuluka. Adapeza 38 pa 100.

"Ankolo, ine ndikuwerenga. Mulungu ndi mboni, ndikumagona 1 koloko. Koma ndikangolowa m'mayeso, m'mutu mumangoti mbee. Mlungu watha tinali pa mafupa, mlungu uno mtima, Lolemba tiyamba mapapo. Aphunzitsi sakudikira munthu. Mwina ineyo si wa zimenezi."

Mtsikana ameneyu adakhoza bwino MSCE, ndipo bayoloje idali ngati madzi akumwa kwa iye. Fizi ya semesita yoyamba idachokera m'matumba a soya amene mayi ake adagulitsa mtengo usanakwere n'komwe, poopa kuti malo apatsidwa kwa wina. Ndiye mawu oti "mwina ineyo si wa zimenezi" sadali oti munthu n'kungowamva n'kugona. Ndidamuimbira.

Funso langa lidali limodzi: ukamati ukuwerenga, umatani kwenikweni? Adati amatsegula manotsi amene aphunzitsi atumiza pa foni, n'kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako amawakopera m'kope ndi zolembera ziwiri, yofiira ndi yabuluu. Akamaliza amawerenganso kopelo kawiri kapena katatu. Tsamba la mtima adali ataliwerenga kasanu ndi kamodzi.

Ndidamuuza kuti atseke kope, ayike foni chafufumimba, atenge pepala losalemba kanthu, ajambule mtima ndi kulozera ndi mivi njira yonse imene magazi amayenda. Patatha mphindi 10 chithunzi chidabwera. Zipinda zinayi zidalipo, mayina ake olondola. Koma mivi idasochera panjira. Magazi ochokera kumapapo adawalowetsa mbali ya kumanja, ma valve awiri adasinthana malo, ndipo pamene pamayenera kukhala pulmonary artery padali chizindikiro cha funso.

Vuto lonse lagona pamenepa, ndipo si la iye yekha. Limapezeka ku KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences, m'makoleji a CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje, kulikonse kumene achinyamata anzeru amakumana ndi phunziro limeneli chaka choyamba. Mukawerenga tsamba lomwelomwelo kangapo, maso amalizolowera. Mukaliona mumati, aa, izi ndikuzidziwa. Koma kuzindikira chinthu chili pamaso panu n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu chitachotsedwa. Munthu akhoza kukwera minibasi ya ku Ndirande tsiku ndi tsiku kwa chaka chonse, pamalo paliponse n'kumati ndapadziwa apa. Mum'patse chiwongolero, muone ngati sadzafunsa pokhotera. M'mayeso, komanso m'wodi, woyendetsa ndinu.

Zimenezi si nzeru za ankolo chabe. M'chaka cha 2006, akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, adapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena adaziwerenga mobwereza, ena adawerenga kenako n'kuuzidwa kulemba zonse zimene akukumbukira popanda kuonera. Atawayesa patangotha mphindi zisanu, obwereza aja ndiwo adachita bwino. Atawayesa patatha mlungu, zinthu zidatembenuka: odziyesa okha aja adakumbukira zambiri. Chosangalatsa n'choti obwereza kwambiri ndiwo adali ndi chikhulupiriro choti akumbukira bwino. Njira imene imakoma pochita ndi imene imanamiza.

Kudziyesa kumawawa, tisanamizane. Mumakhala ndi pepala loyera n'kuona ndi maso anu kuti zimene munathera maola atatu mukuwerenga zatsala theka. Koma kuvutikako ndiye kuphunzira kwenikweniko. Mukafufuza m'mutu dzina la valve ya pakati pa left atrium ndi left ventricle, n'kulephera, kenako n'kutsegula buku n'kupeza kuti ndi mitral, dzina limenelo limakhazikika kuposa mukanangoliwerenga maulendo 10. Choncho pa ola lililonse limene mwakhala pansi, gawo lalikulu lizikhala buku lili chitsekere. Werengani ndime, tsekani, nenani kapena jambulani, tsegulani, konzani ndi cholembera cha mtundu wina. Cholembera chofiira chija ntchito yake ndi imeneyo, osati kukongoletsa mitu.

Tsono za liwiro la phunziroli, lomwe ndi limene limagwetsa anthu mphwayi. Thupi lonse la munthu, kuyambira pa selo mpaka ubongo, amaliunjika m'milungu yowerengeka, pamodzi ndi maphunziro ena anayi kapena asanu. Ku sekondale kunali kotheka kusiya mutu wina kuti ndidzauona mayeso akayandikira. Kuno phunziro limene simunalibwereze ndi ngongole ya katapila, imabereka usiku uliwonse. Simunamvetse mmene sodium ndi potassium zimadutsira pa khoma la selo m'mlungu wachiwiri? Zikubwererani pa minyewa, zikubwererani pa kugunda kwa mtima, pa impso, ndi pa mitsempha ya ubongo. Mutu uliwonse wakwera pamsana pa unzake.

Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, adasindikiza m'chaka cha 1885 zimene adapeza podziyesa yekha ndi timawu topanda tanthauzo: kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira, kenako kumachepa liwiro. Ndiye nthawi yabwino yogwira phunziro la lero ndi lero lomwe, lisanazizire. Mphindi 20 madzulo a tsiku lomwelo, buku lotseka, n'zaphindu kuposa maola awiri Loweruka. Mawa lake mulikhudzenso pang'ono, kenako pakatha masiku atatu, kenako mlungu. Ndipo ngati mwatsalira kale, musabwerere ku tsamba loyamba kuti muyambirenso bwinobwino, chifukwa mmene muzidzafika pa mafupa anzanu adzakhala ali pa impso. Yendani ndi kalasi pa za lero, ngongole yakale muzibweza pang'onopang'ono kumapeto kwa mlungu, kuyambira mutu umene ukutchulidwa kawirikawiri m'kalasi.

Usiku woti mawa kuli kalasi, patulani mphindi 15 muone mitu ndi zithunzi za zimene zikubwera. Simukuloweza ayi, mukungoti mawu ngati alveoli asakakupezeni koyamba ali m'kamwa mwa aphunzitsi amene akuthamanga.

Mayina ndiwo amaopsa anthu kwambiri, ndipo n'zoona, alipo ambiri. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Koma taonani: dzanja limodzi lili ndi 27, phazi limodzi 26. Manja awiri ndi mapazi awiri ndi mafupa 106, kuposa theka la onse, ndipo ambiri mwa iwo ndi timafupa ta zala tobwerezabwereza dzina limodzi. Mtolo uja wayamba kupepuka. Nthiti zili 12 mbali iliyonse. Msana uli ndi mafupa 7 a m'khosi, 12 a kuchifuwa, 5 a m'chiuno, kenako sacrum ndi coccyx. Ndipo chitsanzo chophunzirira mukuyenda nacho, simufunika kudikira chigoba cha pulasitiki chimene kalasi yonse ikulimbirana. Weramitsani mutu, gwirani fupa lotumphuka pansi pa khosi kumbuyo: ameneyo nthawi zambiri ndi C7. Gwirani pamkono mbali ya chala chachikulu pamene pamagunda: pansi pake pali radius, ndipo chikugundacho ndi radial artery. Pindani chigongono mutagwira katumba, mumve biceps ikulimba. Dzina limene mwaligwira ndi chala silithawa msanga. Kumbukirani kokha kuti pa zithunzi za m'buku, kumanja ndi kumanzere n'kwa wodwala amene wayang'anizana nanu, osati kwanu. Ambiri amataya malikisi pa kanthu kameneka.

Mawu ambiri a phunziroli ndi a Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ndi omanga ndi zidutswa, monga momwe ife timamangira mawu athu. Hepat- ndi chiwindi. Nephr- ndi ren- zonse ndi impso. Cardi- ndi mtima, oste- ndi fupa, -itis ndi kutupa, hyper- ndi kupyola muyeso, hypo- ndi kuperewera kapena pansi, epi- ndi pamwamba, peri- ndi mozungulira. Wodziwa zidutswa 50 zotere amamasula yekha mawu mazanamazana amene sanawaonepo. Pericarditis safunikanso kuloweza: kutupa kwa kathumba kozungulira mtima. Tsamba lomaliza la kope lanu likhale la zidutswa zimenezi.

Koma pali msampha wina umene ndi wathuwathu, ife oganiza m'Chichewa. Kunyumba timati "mtsempha", basi. Wotulutsa magazi mumtima ndi mtsempha, wobweza magazi ndi mtsempha, wonyamula uthenga wa ubongo ndi mtsempha, ngakhale chingwe cholimba chija cha kuseri kwa chidendene timati mtsempha. M'kalasi zimenezo ndi zinthu zinayi zosiyana kotheratu: artery, vein, nerve ndi tendon. Kapamba nayenso, wina akatero akunena spleen, wina pancreas. Ena amati n'chifukwa chake Chichewa n'chosathandiza pa phunziroli. Ine ndimaona mosiyana. Popeza dzina lokha silikupulumutsani, mukamafotokozera mng'ono wanu m'Chichewa mumakakamizika kunena ntchito ya chinthucho: mtsempha uti, wochokera kuti, wonyamula chiyani. Pa Chingerezi n'zotheka kubisala kuseri kwa mawu akuluakulu amene simukuwamva. Pa Chichewa, ngati simunamvetse, mumangoti kakasi pakati pa chiganizo, ndipo pamene mwaimapo ndi pamene muyenera kukawerenganso.

Apa ndi pamene anatomy imasiyana ndi physiology, ndipo ndi pamene ndidakhalitsa ndi mwana wa mlongo wanga. Anatomy imafunsa kuti chili pati ndipo dzina lake ndani. Physiology imafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, chifukwa chiyani, nanga chikasiya zitha bwanji. Yoyambayo kuloweza kumathandizako. Yachiwiriyo, woloweza amagwa chagada. Iye adaloweza kuti artery imanyamula magazi a oxygen. Ndiye pulmonary artery idamusokoneza, chifukwa imanyamula magazi amene oxygen yachepa, kupita nawo kumapapo. Chimene chimapanga artery kukhala artery si mtundu wa magazi, koma kuti ikuchoka mumtima.

Tidayenda limodzi njira yonse pa foni, iye akujambula. Magazi ochokera m'thupi amalowa mu right atrium kudzera mu vena cava, amadutsa tricuspid valve kupita mu right ventricle, napopedwa kupita kumapapo. Akatenga oxygen amabwerera mu left atrium, amadutsa mitral valve kupita mu left ventricle, ndipo iyeyu amawakankhira mu aorta kuti afike mpaka kuchala cha kuphazi. Ndidamufunsa: pa ma ventricle awiriwa, wa khoma lokhuthala ndi uti? Adayamba kusakasaka m'mutu chiganizo cha m'manotsi. Ndidati usakumbukire, ganiza. Wina akupopera pafupi pomwepa, kumapapo. Wina akupopera thupi lonse. Adaseka. "Wa kumanzere, ankolo." Nanga wa kumanzereyo akafooka, magazi adzaunjikana kuti? Kumene akuchokera, kumapapo. N'chifukwa chake wodwala wotere amabanika akagona chagada, n'kumafuna mapilo atatu. Wa kumanja akafooka, magazi amaunjikana m'thupi, miyendo n'kutupa. Mfundo zitatu zimene akanaziloweza padera zidatuluka zokha m'chithunzi chimodzi.

Ndipo ngati mukufuna kuona ndi maso, simufunika labu. Mtima wa mbuzi uli ndi zipinda zinayi ngati wathu. Pitani kwa ogulitsa nyama m'mawa asanauduledule kuti upite pachiwaya, muugule wathunthu, muung'ambe ndi mpeni wakuthwa inu ndi anzanu awiri. Mudzaona kukhuthala kwa khoma la kumanzere, mudzagwira tizingwe toyera tokoka ma valve. Impso ya mbuzi mukaidula pakati mulitali, cortex ndi medulla zimaonekera poyera. Mukamaliza musambe m'manja, ndiwo mwapeza kale.

Chifukwa chimene ndimalimbikira kuti mumvetse, osati kungokhoza, n'chakuti phunziroli silithera pa pepala. Tengani sciatic nerve, mtsempha wa uthenga waukulu kuposa yonse m'thupi. Umachokera kumunsi kwa msana, n'kudutsa m'thako, n'kutsika kuseri kwa ntchafu. M'mayeso ndi funso la malikisi awiri. M'wodi ndi chifukwa chake jakisoni wa pathako amabayidwa kumtunda chakunja, osati pakati kapena chakumunsi. Singano ikalasa mtsemphawo, mwana amene anabwera ndi malungo akhoza kubwerera kwawo akukoka phazi, mwina kwa moyo wake wonse.

Kapena chiberekero. Minyewa yake ndi yolukanalukana, ndipo mitsempha ya magazi imadutsa pakati pa malukowo. Mwana akabadwa ndipo nsengwa yatuluka, minyewayo ikakungika imafinya mitsemphayo, magazi n'kusiya. Mzamba amene akuona chithunzi chimenechi m'mutu sachita kukumbutsidwa chifukwa chake akusisita pamimba pa mayi, chifukwa chake akupereka oxytocin, kapena chifukwa chake chikhodzodzo chodzaza n'choopsa pa nthawi imeneyo. Manja ake amafulumira chifukwa mutu ukudziwa chimene akufuna kuti chichitike.

Ngakhale paketi ya Thanzi ORS, imene tidaidalira kwambiri pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ndi physiology yokhayokha. M'matumbo aang'ono muli tizipata timene timalowetsa sodium pokhapokha atatsagana ndi glucose, ndipo awiriwa akalowa, madzi amawatsatira. Kolera imachititsa matumbo kutaya madzi ochuluka, koma tizipata timeneti timagwirabe ntchito. N'chifukwa chake mumafunika mchere ndi shuga pamodzi, pa muyeso wake. Tsamba lotopetsa lija la mlungu wachiwiri, la zodutsa pa khoma la selo, ndi limeneli.

Za foni ndinene mwachidule. Ndi chida chabwino ndipo ndi mbala. Gulu la kalasi la pa WhatsApp limadzaza ndi mabuku a PDF, ndipo pali ena amene ali nawo 30 koma sanamalize mutu umodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sankhani buku limodzi, kaya ndi Ross and Wilson limene anamwino ambiri adaphunzirira, kaya Anatomy and Physiology la OpenStax limene ndi laulere, lotsitsa kamodzi pamene mwapeza wifi. Manotsi a aphunzitsi akuuzeni zoyenera kudziwa, bukulo likufotokozereni. AnkiDroid ndi yaulere pa Android ndipo imagwira popanda intaneti: mumalemba funso kutsogolo, yankho kuseri, iyo n'kumakubwezerani khadi lililonse pa nthawi imene mwatsala pang'ono kuliiwala. Makhadi muzipanga nokha, afupiafupi, ndipo muziwayankha pamzere wa chakudya kapena m'minibasi. Opanda foni yabwino, timapepala todula m'thumba la malaya timagwira ntchito yomweyo, ndipo sititha batire magetsi akazima.

Mavidiyo a pa YouTube, monga a Khan Academy, amathandiza pamene buku lakanika, makamaka pa zinthu zoyenda ngati kugunda kwa mtima. Koma kuonera katswiri akujambula n'kokoma ngati kuwerenga kobwereza kuja, ndipo kumanamiza chimodzimodzi. Vidiyo ikatha, pepala loyera. ChatGPT ndi anzake muziwatuma kuti akufunseni mafunso, osati kukuyankhirani, ndipo chilichonse chimene anena mukachione m'buku, chifukwa amatha kulakwitsa nkhope ili gwa.

Gulu lowerengera limodzi lisapitirire anthu anayi, apo ayi lasanduka bwalo la nkhani za ku hositelo. Aliyense abwere atawerenga kale. Mmodzi aimirire wopanda kope afotokoze mmene impso imasefera malita pafupifupi 180 a madzi patsiku koma munthu n'kukodza lita imodzi ndi theka yokha, enawo ntchito yawo ikhale kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" mpaka atathedwa. Mapepala a mayeso akale muwayambe mlungu woyamba womwewo, osadikira kumapeto, kuti mudziwe mmene mafunso amabwerera. Ndipo aphunzitsi, ngakhale akuthamanga, ambiri sakana funso lolunjika. "Sindinamve za impso" n'kovuta kuyankha. "Ndasokonezeka pa chimene chimachitika mu loop of Henle mbali yokwera" amakuyankhani muli chiimire pakhonde.

Chimene tidakangana kwambiri ndi tulo. Iye ankaona kugona 1 koloko ngati umboni wa khama, chinthu choti akauze mayi ake kuti soya uja sakupita pachabe. Koma ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira masana pamene muli mtulo, ndipo wophunzira physiology ayenera kukhala woyamba kukhulupirira zimenezi. Amene wagona maola anayi amakhala m'kalasi ya 8 koloko thupi lokha, n'kudzathera usiku wotsatira akuphunzira zimene akanazimva m'mawa. Tidagwirizana 10 koloko, ngakhale ndikukayika ngati amasunga pangano masiku onse, chifukwa nthawi zina ndimamuona ali pa intaneti ine ndikudzuka kukamwa madzi.

Mayeso achiwiri adapeza 57. Sikuti wafika, ndipo 38 uja akadamukokerabe pansi, moti semesita ino ayenera kuimenyera mpaka tsiku lomaliza. Zithunzi zikubwerabe madzulo, zojambula kuseri kwa kalendala yakale, zodzaza ndi zokonza zofiira. Cha dzulo chidali cha nephron, ndipo collecting duct adaiiwala kotheratu. Pansi pake adalemba kuti: "Ankolo, mawa tikufuna tigule impso ya mbuzi, tasonkherana koma yaperewera. Munditumizireko."